Inu oseka chenjezo m'munsi mwa Soche, tamverani

Ana anga a ku Chilobwe ndi ku Manja, ndaona ena mukugawana pa WhatsApp kanema wa phiri lolavula moto, n'kumaseka kuti zimenezo n'zakunja. Inde, Soche ndi Ndirande alibe moto m'mimba. Koma kusekako ndi kumene kwandiyankhulitsa.

Pa 13 Novembala 1985 phiri la Nevado del Ruiz ku Colombia linaphulika. Akatswiri anali atajambula kale mapu oonetsa kuti tauni ya Armero yakhala panjira ya matope. Phulusa litayamba kugwa masana, anthu anauzidwa kuti asatekeseke, akhale m'nyumba. Usiku moto unasungunula madzi oundana pamwamba pa phirilo, matope n'kutsika ndi mitsinje. Anafika m'tauni patapita maola oposa awiri. Maola awiri, ana anga! Ngakhale agogo a ndodo akanafika pachitunda. Anthu oposa 20,000 anakwiririka, ndipo chinawapha ndi matope, ofanana ndi a napolo amene anatsika m'Soche mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, akugubuduza miyala ndi makoma a nyumba.

Ku Philippines mu 1991 zinayenda mwina. Akatswiri anatchera makina omva kunjenjemera kwa nthaka pa phiri la Pinatubo, n'kumayezanso mpweya wotuluka m'ming'alu. Atati thawani, anthu masauzande ambiri anasamuka, ena akunyinyirika ndithu chifukwa chosiya minda ndi ziweto. Pa 15 Juni phiri linaphulika koopsa, ambiri ali kutali.

Nanga ife? A zanyengo analengeza za Freddy pawailesi kudakali masiku. Tinaika abale m'manda ambiri tsiku limodzi, ena mpaka pano sanapezeke. Lero pitani mukaone: m'khwawa momwe munadutsa madzi wina wakumbamo maziko, wina akuumba njerwa, timitengo todzala dzana tikuthera m'mbaula. Ukawalankhula akuti imfa ilibe kothawira. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndikudziwa kuti malo m'tauni muno ndi odula, umphawi sindikuunyoza. Amene ndikulimbana nawo ndi inu eni nyumba za lendi, amene mumagona kwabwino kwina koma mukulowetsa mabanja a ana aang'ono m'zipinda zomangidwa pansi pa thanthwe. Ndi inunso achinyamata othamangira kukajambula madzi osefukira pamlatho. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kapena amfumu akanena kuti samukani, nyamulani ana ndi mankhwala a odwala, mupite kusukulu kapena kutchalitchi komwe mwauzidwa kusanade.