Ndalama sizitsala zokha, lekani kudzinamiza

Lero ndakwiya, ndipo ndilankhula ngakhale ena mundibloke.

Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, wapantchito yolandira mwezi ndi mwezi, wanditumizira uthenga m'mawa uno: "Aise, ndithandizeko kangachepe, mwana wadwala, ndibweza ndikalandira." Mwezi sunafike ndi pakati pomwe. Munthu yemweyu masiku apitawa anatidzazira zithunzi pa WhatsApp, foni yatsopano ili m'manja, bokosi lake ali nalo pambali, mano onse panja. Ndalamayo ndamutumizira, chifukwa mwana sanalakwe kanthu. Koma nditamufunsa kuti kodi iwe ulibe kenakake komwe unaika padera, yankho lake ndi lomwe landitentha mtima. Akuti, "Ndimafuna kusunga, koma sizitsala."

Sizitsala! Zitsala bwanji? Inu chibadwire munaonapo ndalama itatsala yokha? Munaonapo ndalama itakhala phee m'thumba mpaka mwezi kutha, ikudikira kuti mwini wake aikumbukire? Ndalama imene ili pafupi ndi dzanja imadyedwa, basi. Ukati ndiyambe ndagula zonse zomwe mtima ukufuna ndipo zotsalazo ndisunga, wanena kale kuti susunga. Ungolankhula zoona kuti sindikufuna, tisamataye nthawi.

Kusunga kumachitika tsiku lolandira, ola lomwelo uthenga wa kubanki ukalira pafoni. Pamenepo ndiye pamadulidwa gawo losunga, lendi isanalipidwe, ngongole isanabwezedwe, anzako asanamve kuti zalowa. Zotsala pamenepo ndiye malipiro ako enieni, ndipo moyo wako uzikwanira m'menemo. Anthufe timachita mosemphanitsa. Timayamba ndi kudya, kusunga timakuika kumapeto kwa mzere, ndiye tikafika kumapetoko timapeza mulibe kanthu n'kumadabwa ngati wina watibera.

Palibe wakubera, m'bale wanga. Tsegula foni yakoyo uone mndandanda wa momwe ndalama zatulukira kuyambira tsiku lomwe unalandira. Uwerenge mzere ndi mzere, osathamanga. Mayunitsi. Bandulo ya intaneti, ina pa tsiku lomwelo chifukwa yoyamba inathera pa mavidiyo. Kubetcha mpira, kakang'ono chabe, kenako kakang'ono kena kofuna kubweza koyambako. Kutapa ndalama kasanu pa tsiku, ulendo uliwonse akukudula ya kutapa. Nsapato zomwe unagula chifukwa wogulitsa anati zatsala zimenezi zokha. Usiku uja unalipirira tebulo lonse kuti anthu akuti bwana. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chinaoneka chachikulu pamene unkalipira. Uziphatikize tsopano. Ambiri safuna n'komwe kuyang'ana mndandanda umenewu, amaopa, chifukwa wakubayo amuona ndi maso ndipo nkhope yake akuidziwa bwino.

Ndikudziwa, zinthu zakwera mtengo, malipiro ndi ochepa, ena ntchito alibe. Tonse tikuzidziwa zimenezo, ndipo sindikunena za munthu amene sakudziwa komwe chakudya cha lero chichokere. Ndikunena za iwe amene umalandira, umagula foni pamene yakale ikugwirabe ntchito, kenako mwana akatentha thupi umayamba kusanthula manambala a anthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Matenda sakutumizira uthenga kuti ndikubwera sabata ya mawa, konzeka. Ntchito imatha Lachisanu masana popanda chenjezo. Maliro safunsa ngati walandira. Ndiye iwe ukudikira chiyani, ng'oma?

Ndipo pali nyimbo ina yomwe yanditopetsa: ndidzayamba kusunga akadzandikweza malipiro. Bodza lenileni. Wakwezedwa kangati chiyambire ntchito? Zomwe ukulandira lero si zomwe unkalandira utangoyamba, nanga zosungazo zili kuti? Malipiro atakwera unasamukira nyumba yodula, unasintha zovala, unasintha malo ochezera, unasintha ndi anzako omwe. Mngelezi wina, C. Northcote Parkinson, analemba kale mu 1960 kuti zowononga zimakwera mpaka kufanana ndi zolowa. Zaka zonsezi zapita koma palibe chasintha. Amene akulephera kuchotsa 10 pa 100 adzalepheranso kuchotsa 100 pa 1,000, chifukwa vuto si kukula kwa ndalamayo, ndi dzanja lomwe likuigwira.

Akatswiri a zachuma anayesapo nkhani imeneyi. Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, ndi mnzake Shlomo Benartzi anakonza ndondomeko pakampani ina ku America, yoti antchito azivomereratu kuti malipiro akakwera, gawo lina lizipita lokha ku thumba la penshoni. Amene analowa m'ndondomekoyo anachoka pa kusunga 3.5 pa 100 iliyonse kufika pa 13.6 m'miyezi 40. Anthu ake omwewo, mavuto awo omwewo. Chinasintha n'chimodzi chokha: ndalamayo inkadulidwa isanafike m'manja mwawo. Sanadikire kuti itsale. Akanadikira bwenzi nawonso akutumiza mauthenga a "aise".

Ndiye musandiuze kuti ndi nkhani ya mtima wolimba. Mtima wa munthu si wodalirika pa ndalama, wanga ndi wanu yemwe. N'chifukwa chake umapita kubanki n'kuwauza kuti tsiku lakuti mwezi uliwonse muzichotsa zakutizakuti kupita ku akaunti ina, ija amati standing order. Akaunti imeneyo isakhale ndi khadi la pa ATM, isalumikizidwe ndi foni. Kuitapa kukhale ntchito, kofuna kuvala nsapato, kukwera galimoto, kukaima pamzere. Ukafika pamzerepo chilakolako cha nsapato zija chimakhala chitazizira. Wa geni amene salandira pamwezi achite chimodzimodzi tsiku lililonse akatseka: gawo losunga lichoke kaye, mpamba ukhale pawokha, zodya zikhale pazokha. Kusakaniza mpamba ndi ndalama ya pakhomo ndi kumene kwagwetsa mageni ambiri, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Wina anena kuti 10 pa 100 n'kachani, sikangagule kanthu. Tawerengera. Ukamachotsa 10 pa 100 iliyonse, pakatha miyezi 10 uli ndi malipiro a mwezi wathunthu ali pambali, osakongola kwa munthu. Mwezi wathunthu! Mwana akadwala umangonyamuka kupita kuchipatala osayamba wapempha. Ngati 10 yakukanika yamba ndi 5, ngati 5 yakukanika yamba ndi 2, koma yamba mwezi uno, tsiku lolandira, osati zikatsala. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Wina anenanso kuti ndalama ikutha mphamvu, kusunga n'kutaya. Zoona, mitengo ikamakwera ndalama yogona imachepa mphamvu, n'chifukwa chake umaiika pomwe ikubala chiwongoladzanja, osati pansi pa matiresi. Koma tandiuzani, ndalama yochepa mphamvu ndi ndalama yomwe kulibe, yothandiza pa tsiku la mavuto ndi iti? Amene amanena zimenezi sanagule malo kapena mbuzi ndi ndalama yomwe anakana kusungayo ayi. Anaidya. Nzeru za kutha mphamvu kwa ndalama amazikumbukira pokhapokha wina akatchula zosunga. Pogula foni sazikumbukira.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu yemwe akuti sangathe kupatula 10 pa 100, akapita kwa wakatapila n'kubwereka 100 kuti abweze 150, amabweza ndithu. Mwezi ukatha 50 yapamwambayo imapezeka, amaifinya mpaka ituluke, chifukwa wakatapila saseka ndi munthu. Ndiye kuti ndalama yopatula ilipo. Inalipo kuyambira kale. Kungoti umaipeza pamene wina wakugwira pakhosi, koma kudzipatsa wekha umati sizitsala. Ukusungira wakatapila mwezi ndi mwezi, mokhulupirika, ana ake akuphunzira ndi thukuta lako, iwe uli pano kutiuza kuti kusunga n'kosatheka. Chimodzimodzi ngongole za pafoni zija, zongodina kawiri ndalama yalowa. Malipiro akangofika amayamba adula zawo, iwe osafunsidwa, ndipo mwezi umatha ndithu uli moyo. Bwanji osadzidula wekha choncho?

Sizitsala, sizitsala. Mawu amenewa ndatopa nawo. Lendi simulipira ndi zotsala. Fizi ya mwana simulipira ndi zotsala. Ngongole ya wakatapila simubweza ndi zotsala. Koma tsogolo lanu lomwe, ukalamba wanu, tsiku lomwe bwana adzakuitaneni mu ofesi n'kukupatsani kalata, zimenezo ndiye mwati zidikire zotsala. Mumadziika kumapeto kwa mzere nokha, kumbuyo kwa wogulitsa nsapato, kumbuyo kwa kampani yobetcha, kumbuyo kwa anzanu a patebulo amene tsiku la mavuto mafoni awo sapezeka.

Ndipo pamene ndayamba kale, ndinenenso za khalidwe lina lonyansa. Munthu ukamayesetsa kusunga, ukakana kupita kokacheza chifukwa bajeti yatha, anthu omwewa ndi amene amakuseka. Woumira. Ndalama udzazisiya. Moyo ndi kamodzi. Amakunena mpaka umadziona ngati wolakwa. Koma zikawathina, nambala yoyamba kuimba ndi ya woumira yemwe uja. Ndiye kuti mumadziwa kuti kusunga n'kwabwino, kungoti mukufuna wina azikusungirani, inu muzidya zanu mwamtendere. Takhala mabanki anu opanda chiwongoladzanja, opanda fomu, otsegula ndi usiku womwe.

Pobwereka amabwera ofatsa, mawu ake okoma, "achimwene" aliyense, "mlongo wanga" aliyense. Tsiku lobweza likakwana ndiwe amene umayamba kuchita manyazi, kulemba uthenga n'kufufuta, kulembanso mofewa kuti asakhumudwe, ngati ndiwe unalakwa. Ndalama yako yomwe! Ukakumbutsa kawiri wasanduka woipa, ayamba kuuza anthu kuti umakonda ndalama kuposa ubale. Ena amafika pokubwezera theka n'kumayenda monyada ngati akuchitira chifundo. Ena uthenga amawerenga, timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, yankho osabwera, koma madzulo omwewo aika chithunzi ali kokasangalala, botolo m'manja.