Kwathu n'chitseko cha khola, ku Joni amachipachika pabalaza

Aliyense wokhala ku Salima amawadziwa anyamata oyenda ndi sikelo panjinga, akukuwa m'makwalala kuti akugula zitsulo zakutha. Satola mosankha. Mapoto obooka, mafelemu a njinga, simbi za makala, makina osokera amene anasiya kale kuyenda, zonse mtengo ndi umodzi, pakilo. Sikelo siifunsa kuti chitsulocho chinapangidwa liti kapena chinapachikidwa pasitolo ya ndani. Ndiye m'milu imene amaunjika podikira lole, nthawi zina mumalowa zinthu zimene kwa anzathu m'maiko otizungulira zili ndi msika wakewake: zikwangwani zakale zotsatsa malonda, nyali za Tilley, mapulayimasi, mabokosi achitsulo amene matchona ankabwera nawo kuchokera ku Joni ndi ku Halale.

Zikwangwani zimene ndikunena si za lata wopaka penti zimene timaziona masiku ano. Zakalezo ankazipanga ndi chitsulo chochindikala, n'kuwazapo ufa wa galasi, n'kuziwotcha mu uvuni wa moto waukali mpaka galasilo litasungunuka n'kumatirira, monga zimakhalira mbale ndi makapu a enamel. Mtundu uliwonse unkawotchedwa paokha. N'chifukwa chake mukayendetsa chala pamalembo mumamva kuti atumphuka pang'ono. Dzuwa la kunyanja kuno, limene limafwifwitsa penti m'zaka ziwiri, silichita kanthu pa zimenezi.

Kuno zinabwera ndi njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Salima mu 1935, kudzera pa Chipoka pomwe katundu ankakumana ndi sitima za panyanja, ndipo ndalama za thonje zinkakoka masitolo. Mandala ndi Kandodo anali ponseponse m'dziko muno, amwenye nawonso anali ndi masitolo pafupifupi pamsika uliwonse, makonde awo atakhomedwa zikwangwani za sopo, tiyi, fodya, njinga ndi palafini. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'midzi apite m'mizinda. Katundu wa m'mashelefu anapita nawo, koma zapakhoma zambiri zinatsala. Ndipo Mmalawi sataya chitsulo.

Chimodzi ndinachiona chakumwera kwa Chipoka, chitaimikidwa chopingasa pakhomo la khola la mbuzi, chomangidwa ndi waya m'mabowo momwe munkalowa misomali. Chinali cha sopo wa Sunlight. M'mphepete monse munali mutadyeka ndi dzimbiri, pakati panali bala lakuda pomwe mwala wa legeni unagunda, koma malembo ankawala ngati achipukuta m'mawa womwewo. Ndinafunsa mwini khola.

"Agogo, chitseko chanuchi simungandigulitse?"

"Mwana wanga, ukachitenga mbuzi zanga zigona bwanji? Afisi kuno sagona. Ichitu n'cholimba, bambo ako aang'ono anachipeza chilipo."

Sindinalimbikire, ndipo agogowo sanalakwe. Chinthu chimene chatseka khola zaka makumi angapo chagwira ntchito yoposa kukongoletsa khoma. Chodandaulitsa n'chakuti tsiku limene adzukulu adzaphwasule kholalo, chidzapita pasikelo, ndipo ndalama yake siidzakwana ngakhale paketi ya shuga.

Ku South Africa chikwangwani chomwecho chili ndi anthu ochifunafuna. Pitani ku msika wa Milnerton ku Cape Town kumapeto kwa sabata, kapena wa Lamlungu ku Rosebank mu Johannesburg, kapena mungotsegula magulu a pa Facebook ndi malo ogulitsirana pa intaneti ngati Bob Shop. Mukapeza za tiyi wa Joko ndi Mazawattee, machesi a Lion, polishi wa Nugget, zina zolembedwa Chingerezi ndi Chibunu limodzi. Zimene amalimbirana kwambiri ndi za mafuta a galimoto, monga Shell, Caltex ndi kavalo wamapiko uja wa Mobil, chifukwa okonda magalimoto akale amafuna kukongoletsa nazo magalaja awo. Chabwinobwino chimatha kufika marandi masauzande angapo. Eni malesitilanti ndi mabala nawonso amagula kuti malo awo azioneka achikale.

Koma pamene pali ndalama pamabweranso akamberembere. Msika wa kumeneko wadzaza ndi zikwangwani zopangidwa dzulodzuloli, zambiri zochokera ku India, zimene amazikhokhola dala ndi nyundo n'kuzithira mankhwala kuti zichite dzimbiri. Ogula ozindikira amayamba atembenuza kaye kumbuyo, amayeza kulemera ndi manja, amayang'ana ngati mabala ali pomwe msomali ukanakhala kapena angomwazikana mwachisawawa, amafufuzanso dzina la fakitale m'munsi. Nzeru imeneyo ndi imene ndimasirira kwa iwo, osati mitengo. Mitengoyo imakhalapo chifukwa kuli anthu ambiri a ndalama zapadera ndi nyumba za makoma aakulu. Wina akakuuzani kuti chanu chidzagulidwa mtengo wa ku Cape Town mutakhala pa Kamuzu Road, akukunamizani. Achimwene athu amene ali ku Joni angathe kukuthandizani kudziwa mtengo, koma muwerengere ya basi, ya pachipata, ndi yakuti chikathetheka panjira mtengo wagwa.

Zimbabwe nkhani yake ndi ina, ndipo ndi yowawa. Katundu wakale kumeneko ndi wambiri chifukwa kunali mafakitale ndi mafamu aakulu kuyambira kale: nsapato za Bata ku Gweru, mapoto a Kango ku Bulawayo, tiyi wa Tanganda, Mazoe. Koma chimene chinatulutsira katunduyo pamsika si chikondi cha zakale ayi. Anthu ankasamuka, ena ufulu utabwera mu 1980, ena minda itayamba kulandidwa mu 2000, ena ambiri chuma chitagwa. Nyumba yathunthu inkapita ku okushoni, mipando, mawotchi, mbale, zithunzi. Mpaka lero ku Harare kuli makampani a okushoni amene amagulitsa katundu wa m'nyumba kawirikawiri, ndipo pamsika wa Avondale zakale sizisowa. Ngakhale ndalama yawo yomwe inasanduka chidole: pepala la madola 100 thililiyoni la mu 2009, limene linkalephera kugula zinthu zenizeni, lero anyamata amagulitsa kwa alendo ku Victoria Falls.

Palibe angakhumbe mavuto amenewo. Koma okushoni ili ndi ubwino umodzi umene ife tilibe: mtengo umatchulidwa pagulu. Ogula awiri akafuna chinthu chimodzi, wopindula ndi mwini katundu. Kwathu kuno wogula amabwera yekha, madzulo, n'kukhala pamkeka, n'kuyamba ndi kunyoza katunduyo. Mayi wamasiye amene sanaonepo chinthu ngati chake chikugulitsidwa kwina adziwa bwanji kuti akumudyera masuku pamutu? Pa zonse zimene ndaona kwa anzathuwa, ichi n'chimene ndikanakonda titatengera. Sipafunika kampani. Pa Senga Bay pomwe pali kale ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu, tsiku limodzi pamwezi lokha anthu atamabweretsa zakale zawo n'kumaitanira mtengo poyera, bwenzi aliyense akudziwa kuti simbi ya makala ya tambala pamwamba imasiyana bwanji ndi felemu ya njinga.

Za Zambia sindichulutsa, chifukwa ndi ife tomwe. Ku Chipata sikelo imayenda monga kuno. Tinagawana nawo ndalama za nthawi ya Chitaganya, 1953 mpaka 1963, kuphatikizapo kobiri lija la bowo pakati limene agogo ena anasunga m'chitini cha mabatani. Pa Kabwata mu Lusaka zambiri ndi zosema zatsopano, monganso pa Senga Bay. Chimene anatiposa n'chakuti ku Livingstone anasunga mitu ya sitima zakale m'nyumba yosungiramo zakale za njanji, monga anachitiranso a ku Bulawayo. Ife amene tauni yathu inakula ndi njanji, n'chiyani cha pasiteshoni chimene mwana wa sukulu angapite kukaona?

Ku Mozambique zambiri zinatha ndi nkhondo. Apwitikizi atachoka mu 1975 anasiya masitolo awo a m'midzi, kenaka nkhondo yapachiweniweni inasesa mpaka 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno atasenza zokhazo zimene mutu ungathe, ndipo palibe amene akanasenza chikwangwani cha mowa wa Laurentina. Zotsala zimapezeka makamaka ku Maputo, komwe siteshoni yakale ya njanji ili ndi malo oonetsera zakale. Iwo chitsulo chimene anachipezera ntchito yatsopano ndi mfuti: kuyambira mu 1995 mipingo inkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, amisiri n'kumaziwotcherera kukhala zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo uli ku British Museum ku London.

Kumene anthu a ku Nkhotakota ayenera kuyang'anitsitsa ndi ku Zanzibar, poti ubale ulipo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo njira ya minyanga ndi akapolo inkawoloka nyanja kulowera kugombe la Aswahili. Ku Stone Town lero kuli timasitolo todzaza ndi mabokosi okhomedwa misomali ya mkuwa, maketulo a khofi, mawotchi a pakhoma ndi zikwangwani zakale, ndipo ogulitsa amadziwa kufotokoza. Chinthu chilichonse amakuuza kuti chinali cha banja lotani, chinabwera pa chombo kuchokera ku India kapena ku Oman. Nkhani ina n'njoona, ina n'njophika, koma mlendo amagula nkhaniyo limodzi ndi katundu. Vuto ndi lakuti malonda anakoma mpaka anthu anayamba kuzula zitseko zosema za nyumba zawo, zimene ndizo ulemu wa mzindawo, n'kumazitumiza kunja. Boma linachita kuletsa, zambiri zitapita kale. Mzindawo unalowa m'kaundula wa malo a mbiri otetezedwa wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, mu 2000, ndipo lero amisiri amasema zitseko zatsopano zogulitsa kuti zakale zitsale.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chikwangwani cha Sunlight chinapangidwa kufakitale kunja, zinzake zilipo zambirimbiri padziko, ndipo mwini wake akafuna kugulitsa kuti alipire fizi, ine sindiona cholakwika, bola adziwe mtengo. Koma chiwiya cha nthawi ya Jumbe chimene banja la ku Linga ku Nkhotakota lasunga, ndodo ya ufumu, belu la tchalitchi chakale, kapena chigoba cha Gule Wamkulu chimene chinavinidwapo pabwalo, zimenezo zikapita palibe fakitale yopanganso. Lamulo lilipo, Monuments and Relics Act, ndipo silimalola kutulutsa zinthu za mbiri m'dziko popanda chilolezo cha boma. A ku South Africa ali ndi lawo la mu 1999, a ku Zambia lawo la mu 1989. Pamapepala tonse tili bwino. Kusiyana n'kwakuti kwathu anthu ambiri a m'midzi sanamvepo n'komwe zoti lamulolo lilipo. Amene akufuna kuona momwe zigoba zimasungidwira mwaulemu apite ku Mua, si kutali, akaone kunyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare.

Ngati muli nacho chikwangwani chakale, chonde musachipake penti kuti chioneke chatsopano, ndipo musachikweche ndi mchenga monga tichitira ndi mapoto. Madzi, sopo ndi kansalu basi. Ogula amafuna mabala omwewo. Funsaninso akuluakulu akadali moyo kuti chinachokera sitolo iti, ya ndani, pamsika uti, mulembe papepala. Wailesi ya Nzeru yopanda mbiri yake ndi bokosi lakufa, koma imene mukudziwa kuti mudzi wonse unkamverapo nkhani za msonkhano wa chipani ndi chinthu china.

Pali zikwangwani zina zimene palibe akuzitola, ndipo ndi zathuzathu: zolembedwa pamanja ndi amisiri a m'misika. Za ometa tsitsi zojambulidwa mitu inayi ya mameto osiyanasiyana, za matiyirumu zokhala ndi kapu yofuka nthunzi ndi sikono, za m'magolosale zonena kuti "Ngongole mawa". Za ometa za ku Ghana ndi maiko oyandikana nawo zinalowa kale m'nyumba zoonetsera zaluso ku Ulaya. Zathu zikutha mwakachetechete, chifukwa makampani a mafoni ndi a zakumwa amapaka sitolo yonse mtundu wawo mwaulere, ndipo amene akufuna chikwangwani amangokasindikiza pakompyuta. Zambiri zili pathabwa lopyapyala, ndiye mvula zitatu ndi chiswe zimakwana. Wometa akamasintha chake, chakalecho amachiponya kuseri kapena kusonkhera moto, ndipo mutamupatsa ya chitini cha penti angakupatseni ndi manja awiri.