Inu a HR, chibale muzichisiya pa geti

Nkhani yomwe ndamva sabata yathayi ku Makata yandiwawa kwambiri. Pa kampani ina, mnyamata woyang'anira sitolo ya katundu wakhala akufika pa ntchito 10 koloko, maso ali psuu, akununkha mowa wa dzulo. Makatoni akusowa, zolembedwa m'buku la sitoko sizikugwirizana ndi zomwe zili pa shelefu. Aliyense akudziwa, mpaka mlonda wa pa geti. Koma kalata yochenjeza sanalandirepo, chifukwa ndi mwana wa achemwali awo a bwana. Mtsikana wa ku akaunti atalemba lipoti, ndiye amene wachotsedwa ntchito. Ati samvana ndi anzake. Zoona zimenezi?

Inu a HR, oyang'anira za anthu ogwira ntchito pa kampani, anakulembani ntchito yanji? Munthu akujomba Lolemba lililonse, inu muli duu. Makasitomala akudandaula kuti sayankha foni, inu muli duu. Ikafika nthawi yowunika kagwiridwe ka ntchito mumupatsa mamalikisi apamwamba, kenaka mumukweza kukhala supavaiza wa anthu omwe akhala akumusenzera ntchito. Mukuganiza kuti enawo alibe maso? Mawa adzalimbikira chifukwa chiyani?

Za ma intaviyu ndiye musanene. Mulengeza ntchito m'nyuzipepala pamene munthu munamusankha kale kumaliro kumudzi. Ana a eni ake, ena omaliza maphunziro ku yunivesite ya MUBAS pa Chichiri pompa, akongola ndalama ya minibasi kuchokera ku Bangwe, ku Chirimba, ku Machinjiri, abwereka jekete, akhala pa benchi tsiku lonse ndi envelopu ya masatifiketi pamiyendo. Inu mukudziwa bwinobwino kuti mukungowataitsa nthawi. Mumagona tulo ndithu? Inde, akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiwola, koma sananene kuti mudyetse mlamu wanu ndi thukuta la mwana wa mnzanu.

Ndipo musamaganize kuti malamulo kulibe. Employment Act ya 2000, yomwe ndi lamulo la za ntchito, pa gawo 5, imaletsa tsankho pa ntchito, kuphatikizapo la mtundu, chiyankhulo ndi kochokera. Gawo 57 likuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kulephera ntchito, ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Mtsikana uja munamuitana kuti ayankhepo? Akakusumirani ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pa ntchito, muno mu Blantyre, amene akafotokoze chifukwa chomuchotsera ndi inuyo olemba ntchito, osati iye. Mukaonetsa pepala liti? Chipukuta misozi ikalipira ndi kampani, pamene wakuba weniweni akadali ndi makiyi a sitolo m'thumba.

Munthu akamalephera ntchito, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, mukhazikeni pansi, muuzeni pomwe akuperewera, muphunzitseni, mupatseni nthawi, zonse zilembedwe. Akapanda kusintha, chenjezo. Akapitiriza, azipita. Chovuta n'chiyani pamenepa? Mukuopa kuti kumudzi akunenani? Nanga kampani ikatsekedwa, mabanja onsewa mukawadyetsa ndinu?

Anthu aluso akuchoka mwakachetechete, otsala ataya mtima, ndipo tsiku lomwe eni kampani adzaitane owerengera ndalama, abwana omwe mukuwatetezawo adzaloza chala inu.

Mwakula, anthu inu. Chitani manyazi.