Musawatche othandizira chabe amayi awa

Pali mawu amodzi amene akundiwawa, anzanga: "othandizira". Ndi dzina limene anapatsidwa amayi a ku Poland a m'gulu lankhondo la General Władysław Anders pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ine ndikuti dzinali likuwachepetsa.

Taganizani kumene anachokera. Mu 1940 asilikali a Soviet Union ankagogoda pamakomo usiku kum'mawa kwa Poland, n'kulongedza mabanja athunthu m'mabogi a katundu, ulendo wa ku Siberia ndi Kazakhstan. Kumeneko mtsikana ankagwetsa mitengo m'chisanu cholowa m'mafupa kuti alandire kachidutswa ka buledi. Germany itaukira Soviet Union mu 1941, anthuwa anamasulidwa. Amayi ambiri anakafika kumisasa ya Anders ali mafupa okhaokha, nsabwe zili thoo, ena atasiya manda a ana awo m'njira. Mu September chaka chomwecho gulu lawo linakhazikitsidwa, ndipo woyamba kulitsogolera anali Władysława Piechowska. Anzawo ankawatcha amayi a m'gululi "Pestki", kutanthauza nthanga za zipatso.

Ngakhale yunifolomu zimene analandira poyamba zinali zachimuna. Mayi wowonda chotero, malaya akumumeza, manja ake atawapinda kawiri, jombo zikukhwekhwereza.

Mu 1942 anawoloka nyanja ya Caspian kupita ku Iran, kenako Iraq, Palestine, Egypt mpaka Italy. Ena anali anamwino, ena ophika, ena otumiza mauthenga. Koma amene andigwira mtima kwambiri ndi a magulu a 316 ndi 317, oyendetsa malole. Pa nkhondo yolanda phiri la Monte Cassino ku Italy mu May 1944 ankanyamula zipolopolo, mafuta ndi chakudya m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Tayala likaphulika, jeke ndi sipanala ankagwira okha. Amene munasinthapo tayala la lole mukudziwa mmene msana umachitira. Tsono msilikali wopanda zipolopolo angatenge phiri? Wabweretsa zipolopolozo timuti wothandizira chabe?

Nthawi imeneyo amayi awo ndi ang'ono awo ena anali kuno kwathu ku Africa, m'misasa ya othawa nkhondo ku Tengeru ku Tanganyika, ku Abercorn kumene lero timati Mbala, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ngakhale ku Fort Jameson, Chipata yomweyi. Mwana ali pachiwongolero ku Italy, mayi ake akudikira kalata kuno.

Nkhondo itatha, ambiri analibe kobwerera. Madera a kum'mawa kwa Poland, kumene kunali kwawo, anali atalowa m'manja mwa Soviet Union, ndipo ku Warsaw kunali boma lachikomyunizimu. Mu June 1946 ku London kunachitika perete wokondwerera kupambana pankhondoyo, mayiko ambirimbiri anaguba. Gulu la Anders silinaitanidwe, pamodzi ndi amayi amene anayendetsa malole aja.