Makolo, mankhwala a m'munda sasungidwa kuchipinda

Tamverani kuno inu makolo, aphunzitsi ndi eni magulu a WhatsApp. Mwana akati "ndatopa nawo moyo" inu n'kumuyankha kuti "usatiopseze, n'chibwana chimenecho", dziwani kuti mukuseweretsa moto padenga la udzu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pakati pa azaka 15 mpaka 29 kudzipha kuli pa nambala 3 pa zinthu zomwe zikutenga miyoyo yambiri.

Kwa achinyamata ambiri maganizo amenewa amabwera ngati mkuntho. Zotsatira za mayeso zatuluka ndipo walephera, chibwenzi chatha, mimba yaululika, kapena bambo amunyoza pamaso pa anthu. Nthawi zambiri mtima umadzatsika ndithu. Koma pa nthawi yowawitsa ija, chomwe chili pafupi ndi dzanja lake ndicho chimagamula ngati kukhale maliro kapena ayi.

Dziko la Sri Lanka lidaphunzira izi ndi misozi. Mu 1995 anthu pafupifupi 57 mwa 100,000 aliwonse ankadzipha, ambiri ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda. Boma lidaletsa mankhwala oopsa kwambiri pang'onopang'ono, kuyambira 1984, kenako 1995, 1998 mpaka 2011. Pofika 2015 chiwerengero chidatsikira pa 17, ndipo ofufuza amati miyoyo pafupifupi 93,000 idapulumuka. Zokolola sizidatsike chifukwa cha chiletsochi. Mavuto a m'mabanja sadathe ayi, chidachoka ndi poizoni wakupha msanga. Komweko adayesanso kugawa mabokosi okhoma ndi loko m'makomo, pa kafukufuku wa midzi 180, ndipo zotsatira za 2017 zidaonetsa kuti bokosi lokha silidachepetse vutoli. Ndiye musadzinamize kuti "ndakhoma, basi". Gulani mlingo wokwanira kupopera kapena kuthira m'chimanga tsiku lomwelo, otsala asagone m'nyumba yogona ana. Musathire mankhwala m'botolo la Fanta, musatume mwana kukagula, ndipo inu ogulitsa pamsika lekani kupimira ana timapaketi topanda chizindikiro.

Ku Britain mu 1998 adachepetsa mapiritsi a paracetamol ogulitsidwa paketi imodzi m'masitolo wamba kufika 16. Kanthu kooneka kakang'ono, koma imfa zobwera ndi mankhwalawa zidatsika.

Tsopano inu othamangira kujambula. Mwana wa mnzanu wamwalira, inu chithunzi chili kale pa Facebook, kalata yake yotsanzika mwaimwaza, njira yomwe watsata mwaifotokoza yonse. Manyazi mulibe? Wachinyamata wina yemwe ali kale pamavuto akuwerenga zimenezo, ndipo ena amatengera. Mumzinda wa Vienna ku Austria mu 1987 atolankhani atagwirizana zosiya kulemba nkhani zotere mokokomeza, imfa za anthu odzipha m'njanji za mumzindamo zidatsika ndi theka n'kupitirira m'miyezi yochepa.

Mukaona mwana wasiya kudya, sakugona, akudzipatula, akugawa zinthu zake zomwe amazikonda kapena akulankhula ngati wotsanzika, mukhazikeni pansi panokha mumufunse mosapsatira: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika maganizowo m'mutu, limamutsegula pakamwa. Akavomera musamulalatire, musamuuze za gehena, musaitane mudzi wonse. Asakhale yekha usiku umenewo, chotsani chilichonse choopsa m'nyumba, kukacha mupite naye kuchipatala. Pemphero ndi labwino, koma lisalowe m'malo mwa dokotala. Kuno ku Malawi kuli nambala yaulere ya ana ya 116, kuli chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Mabanja ena amabisa mwana poopa apolisi, popeza kwa zaka zambiri kuyesa kudzipha kudatengedwa ngati mlandu m'malamulo athu; lamulo lotere Ghana idalichotsa mu 2023. Mantha amenewo asakuchedwetseni. Ngati wamwa kale china chake, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa masanzi amatha kulowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, chakumanzere, nyamulani botolo kapena paketi ya zomwe wamwazo, thamangani nazo kuchipatala ngakhale akuoneka ngati ali bwino, chifukwa mankhwala ena amayamba kuwononga m'thupi patapita maola.