Kujambula chiwindi: kuno ku Joni ndi kumudzi

Alamu anga amagwira ntchito m'lesitilanti ina ku Mayfair, kuno ku Johannesburg. Mwezi watha anabwera kunyumba atapinda kapepala ka zotsatira za magazi m'thumba la malaya, manambala awiri atazunguliridwa ndi cholembera: ALP ndi GGT, miyezo ya m'magazi yosonyeza mmene chiwindi chilili. "Alamu," anatero, "adokotala akuti chiwindi sichili bwino, koma angondilembera sikani ya mimba ngati ya amayi oyembekezera. Kodi si chifukwa choti ndine mlendo? Bwana wanga anamulowetsa m'makina aakulu ojambulira a CT tsiku lomwelo."

Ndinawamvetsa. Ambirife timaganiza kuti makina aakulu ndiwo chithandizo chenicheni. Koma kwa munthu amene magazi ake asonyeza vuto la chiwindi, sikani ya mimba ija, yotchedwa ultrasound, ndiyo imayamba, kaya ndi ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ilibe cheza cha X-ray, ndi yotsika mtengo, ndipo imaonetsa ngati njira za ndulu zatupa, ngati muli timiyala m'ndulu, kapena ngati chiwindi chachita mafuta. ALP ndi GGT zikakwera, dokotala amakayikira njira za ndulu, ndiye kujambula kumafunika msanga. Ikakwera miyezo ina ya chiwindi, ALT ndi AST, amayamba wafunsa za mowa, mankhwala a TB, ma ARV, zitsamba zomwe mukumwa, n'kuyeza hepatitis B, matenda otupitsa chiwindi.

Kusiyana kumaoneka sikani yoyambayo ikasiya funso. Kuno ku Johannesburg makwerero alipo. Pali CT ya mankhwala obaya m'mitsempha (amayamba aona kaye impso), MRI yoonetsa njira za ndulu yotchedwa MRCP, FibroScan yoyeza kuuma kwa chiwindi, mpaka ku Wits Donald Gordon kumene amaika munthu chiwindi china. Wa medical aid (inshuwalansi ya chipatala) amakwera makwererowo mofulumira. Wa chipatala cha boma amayambira ku kiliniki, n'kudikira kalata, n'kudikiranso tsiku. Kumudzi ku Malawi makina otere ndi ochepa, ndipo ali m'mizinda ikuluikulu. MRI ya ku Queen Elizabeth inafika mu 2008, makamaka pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Pachipatala chaching'ono cha kumudziko, clinical officer ndi kamakina kake ka ultrasound ndiye amagamula zambiri.

Komatu pamenepo ndi pamene kumudzi ndimawachotsera chipewa. Munthu amene wajambula mimba za asodzi zaka zambiri amalidziwa likodzo la m'chiwindi akangoliona: mizere yoyera yozungulira mitsempha, kapamba atakula. Kuno ku Gauteng likodzo si la tsiku ndi tsiku ngati ku Limpopo kapena KwaZulu-Natal, ndiye mukapanda kunena komwe munakulira, dokotala wotanganidwa sangaliganizire. Nkhani ya hepatitis B nayonso ndi yotero. South Africa inayamba kutemera makanda mu 1995, Malawi mu 2002. Mmalawi wobadwa mu 1998 akhoza kukhala wosatemeredwa pomwe mnzake wa ku Soweto wa msinkhu womwewo anatemeredwa.

Tsiku la sikani ndinawaperekeza. Anali asanadye kwa maola 6 monga anawauzira, kuti ndulu ioneke bwino. Ali chigonere, mafuta ozizira aja atapakidwa pansi pa nthiti zakumanja, ndinawagwira phazi: "Alamu, auzeni za kwanu." Anafotokoza m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti anakulira ku Nkhotakota, akusambira m'nyanja ndi kukoka makoka kuyambira ali mwana. Mayi wojambulayo anaima kaye, n'kubwerera pamalo amene anali atadutsapo kale, n'kuyezanso kapamba. Analemba mzere wina pa lipoti.

CT sinafunike. Adokotala anawayeza likodzo, n'kuwapatsa mankhwala ake otchedwa praziquantel, ndipo anawalembera tsiku loti akawaone kum'mero ndi kachubu ka kamera, poti chiwindi chikauma chotero mitsempha ya kumeneko imatha kutupa n'kuphulika. Tsikulo ndi mwezi wamawa, ndipo ndapempha kale tchuthi kuntchito kuti tipitire limodzi.