Pa nkhani ya fetereza wa sabuside anzathu aku Zambia atisiya kutali

Abale inu, nkhani iyi ikundiwawa mumtima. Mlamu wanga amalima mbali ya Chipata, kungodutsa pa Mwami apa, dothi lake ngati la ku Mchinji lomweli, mvulanso ndi yomweyi, koma atandionetsa zomwe watenga pa FISP, pulogalamu yawo ya sabuside, ndinangoti kakasi. Matumba 6 atasanjikizana pakona m'nyumba, atatu a D compound okulitsa, atatu a urea obereketsa, pamwamba pake kathumba ka mbewu, iyeyo wangopereka K400 ya kwawoko. Ndipo sanagone pa depoti ayi, uthenga unabwera pafoni, wapita kwa agro dealer (wogulitsa zipangizo zaulimi) wapafupi, wasankha yekha, wakweza pangolo basi.

Nanga ife? Matumba awiri, limodzi NPK limodzi urea, ongokwanira ekala imodzi, ndiye kuti uwapeze uyambe walawira tambala asanalire chitupa cha unzika chili m'manja, ukhale pamzere dzuwa likuswa mtengo, kenako akuuze kuti netiweki yavuta mubwere mawa, mawa lakelo urea alipo koma NPK watha, chimanga kumunda chafika kale m'mawondo chikuchita chikasu. Mavenda okha ndi amene sabwerera chimanjamanja, amazungulira pomwepo kugula zitupa kwa agogo omwe ndalama yowombolera yawasowa.

Chomwe chimandipweteka kwambiri nchakuti pa sabuside ife si alendo. Bingu atayambitsa makuponi mu 2005 mayiko ankabwera kudzaphunzira kuno, nkhokwe zinadzadza. AIP, pulogalamu yatsopano ya sabuside, itabwera mu 2020 thumba linali K4,495, mabanja oposa 3 miliyoni anali pamndandanda, tinaomba m'manja. Kenako K7,500, kenako K15,000, mayina nawo akungodulidwa, pofika 2023 atsala 1.5 miliyoni. Pakatipo mu 2022 K750 miliyoni ya fetereza inapita ku kampani yogulitsa nyama ku UK mpaka nduna ya zaulimi inachotsedwa ntchito. Mlimi wa ku Mkanda ku Mchinji analakwanji?

Chilungamo chake, ku Zambia nakonso si kumwamba. Sabuside yawo inayamba 2002 nthawi ya Mwanawasa ndipo imafikira alimi pafupifupi 1 miliyoni okha, ngati suli mu kopaletivu iwalako, ndipo nawonso analirapo kuti akugawana fetereza m'timeda, tizitini toyezera. Makadi owombolera fetereza a e-voucher atangoyamba cha mu 2015 ankachedwa kutsegulidwa, ndipo FRA, bungwe la boma lawo losunga chakudya, ikagula chimanga mlimi amadikira ndalama mpaka kutopa. Apo ndivomera, ifenso tinayesetsa kufikira anthu ambiri kuposa iwo. 

Komabe kufikira anthu ambiri ndi matumba awiri obwera mochedwa, oti pamudzi agawanenso mabanja anayi pandowa, phindu lake lili pati? Mlamu wanga akakolola amadya chaka chonse, kugulitsako, ana fizi osavuta, pomwe ife ikafika Januwale tili pamzere wina wa chimanga, nthawi zina chochokera ku Zambia komweko. Dziko langa ndimalikonda ndipo sindisamuka, koma boma litipatse fetereza wokwanira munda, afike mu Okutobala mvula isanagwe, ndipo tizikatenga kwa ogulitsa a pa trading yathu.